Mphete za Galasi la Mfuti ya Ababa

Ababa anga anagwira ntchito yosamalira maluwa pa loji ina ku Nkopola kuyambira ine ndisanabadwe mpaka nditakwatiwa. Mwini lojiyo atakalamba n'kuganiza zobwerera kwawo, ine ndikadali wamng'ono, anawasiyira zinthu zitatu: jekete lamvula, wilibala ndi mfuti ya mpweya. Jekete linang'ambika, wilibala anabwereka achimwene anga osabwezanso, koma mfuti ija ababa ankaisamala ngati khanda.

Sinali mfuti yoopsa ngati za asilikali. Inali yothyola pakati, n'kuikamo kachipolopolo kamodzi kochepa kuposa njere ya nandolo. Pamwamba pake panali galasi loonera patali, lalitali ngati chimanga chachikulu, ndipo galasilo linkagwidwa ndi mphete ziwiri zachitsulo, ina kutsogolo ina kumbuyo, zomanga ndi timabawuti. Ndili mtsikana sindinkadziwa kuti mphetezo zili ndi ntchito. Ndinkangoona ababa atatsinzina diso limodzi, phewa litakwera pang'ono, kenako phaa! njiwa ili pansi. Asanakoke ankanong'ona Bisimila, ikagwa n'kuthamanga ndi kampeni kuti akaizinge isanafe.

Atapuma ntchito anabwerera kumudzi kwathu, m'tsinde mwa phiri, kumtunda kwa msewu wopita ku Chembe. Kumeneko iwo ndi amayi ankalima dimba la chimanga, tomato ndi maungu. Apusi a m'phirimo ankatsika m'magulu, ndiye mfuti ija inapeza ntchito yatsopano. Ababa sankapha pusi. Ankangomulasa kumatako kuti akauze anzake.

Ine ndimagulitsa zitenje ndi mipango mumsika wa ku Mangochi, ndipo mwezi ndi mwezi ndimapita ku Limbe kukapikula katundu. Tsiku lina nditapita kukawaona, ndinapeza ababa atakhala pakhonde, mfuti ili pamiyendo, nkhope ili yakugwa. Mbuzi inali itagunda mfutiyo pomwe anaitsamiritsa pamtengo wa mango, mphete yakutsogolo n'kusweka. Anaikulunga mu kansalu, n'kundiikira m'manja ndi manja awo onse awiri.

“Mwanangu, ukapita ku Limbe ukandifunire ina yonga iyi. Usakataye, ndi chitsanzo chako.”

Ndinaiponya m'chikwama pamodzi ndi makiyi ndi zingwe zomangira mabelo.

Ku Limbe ndinayamba ndamaliza zanga zonse. Inali nyengo yoyandikira chikondwerero cha Idi, pamene azimayi amalimbirana zitenje zatsopano, ndipo chaka chimenecho malonda anali atayenda mwapendapenda. Ndinagula mpaka chikwama chinapepuka, kenako ndiye ndinakumbukira kansalu kaja. Ndinafunsa m'masitolo angapo, anthu akundiloza uku ndi uku, mpaka ndinafika mu kasitolo kena kopapatiza kogulitsa mbedza, maloko, matochi ndi mfuti za mpweya. Wogulitsa anali bambo wachikulire wa ndevu zaimvi, magalasi ali pamphuno.

Anatembenuza mphete yosweka ija, n'kundifunsa mafunso omwe sindinawayembekezere. Kodi galasilo ndi lonenepa bwanji? Kanjira ka pamsana pa mfuti, pomwe mphete zimaluma, ndi kopapatiza kapena kotakata? Nanga mwini wake amafuna mphete zazitali kapena zazifupi?

“Ine sindidziwa, bambo. Ndangotumidwa.”

Anaseka pang'ono, n'kutenga kachitsulo koyezera, n'kuyeza mkati mwa mphete ndi kumapazi kwake. Anandiuza kuti mphete sagulitsa imodzi, zimayenda ziwiriziwiri ngati nsapato. Kenako anayala mitundu itatu pa kauntala. Zoyamba zinali zachitsulo chenicheni, zolemera, iliyonse ili ndi timabawuti tinayi pamwamba ndi kamsomali pansi kolowa m'kabowo ka pamfuti kuti zisasunthe. Zachiwiri zinali zapakatikati. Zachitatu zinali zopepuka, zopangidwa ndi chitsulo chonga cha mapoto, timabawuti tiwiritiwiri basi. Atanditchulira mtengo wa zoyamba zija, ndinaona zitenje zingapo zikuwuluka m'maso mwanga.

“Zopepukazi zimagwira?” ndinafunsa.

“Zimagwira, mayi. Ambiri amatenga zomwezi. Koma mfuti yothyola imagwedeza kwambiri ikamawomba. Mukawauze kuti azikhala akuyang'ana timabawutiti, tikamasuka azimanga.”

Mumtima ndinati, ndi choseweretsa cha nkhalamba ichi, chothamangitsira apusi. Ndinatenga zopepukazo. Uthenga wa timabawuti ndinauiwala ndisanafike n'komwe pokwerera minibasi.

Ababa anazilandira, n'kuziyeza kulemera kwake pachikhatho, kukweza ndi kutsitsa dzanja.

“Zapepuka ngati chipande. Kunalibe zina?”

“Zinali zokhazo, ababa.”

Bodza limenelo linatuluka mosavuta, ngati mmene ndimauzira wogula kuti chitenje sichisuluka. Ababa anangoti, “Chabwino, zikomo mwanangu,” n'kuyamba kumanga ndi kasipanala kopindika kamene kanabwera ndi mphetezo. Anatenga nthawi yaitali kupeza mutu wa bawuti, akufufuza ndi chala. Ndinaona, koma ndinaganiza kuti timabawutito ndi tating'ono kwambiri.

Pasanathe mwezi madandaulo anayamba. Ndikaimba foni kuti ndimve za kumudzi, ababa ankalanda foni kwa amayi. Galasi likuyenda, ankatero. Lero ndikalunjika apa chipolopolo chikupita kumanzere, mawa kumanja. Apusi anazindikira, anayamba kukhala pamtengo n'kumadya chimanga akuwayang'ana. Njiwa inasowa pakhomo. Ine ndinkayankha kuti ndikadzapitanso ku Limbe ndidzafunsa, koma ndikafika kumeneko ndinkadutsa msewu wina.

Foni ya achimwene anga inandipeza m'mawa wa Lachinayi ndikuyala katundu pabenchi. Anangoti, “Tseka ubwere kuchipatala. Amayi alasidwa ndi mfuti ya ababa.” Sindikumbukira kuti katundu ndinamusiyira ndani.

Amayi ndinawapeza atakhala pabedi, mkono wamanja utakulungidwa kumtunda, pafupi ndi phewa. Kachipolopolo kanali katalowa m'mnofu n'kukakhala mkati, ndipo anachita kung'amba kuti akatulutse. Adokotala anati mwayi kuti sikanakwere pang'ono kufika m'khosi. Amayi anali atawauza kuti mfuti inagwa yokha n'kulira iwo akudutsa. Atandiona anamwetulira, n'kufunsa ngati ana apita kusukulu.

Ababa anali panja pa benchi, kofiya ili m'manja, akuipinda ndi kuiwongola. Achimwene anaima pambali pawo. Ndinagwada n'kupereka salamu. Ababa anayankha osandiyang'ana.

“Pusi anali mumtengo wa mango, amako ali pansi cha kuno akuthyola nkhwani. Ndinalunjika pusi. Chipolopolo chinapita kwa amako. Mphete zako zija.”

Achimwene anandiyang'ana. “Unagula zotani iwe?”

Ndinalephera kunamanso. Ndinanena zonse pomwepo, pamaso pa anthu odikira odwala awo: kuti zinalipo zolimba koma ndinaona kudula, kuti wogulitsa anandichenjeza za timabawuti koma sindinafikitse uthenga. Achimwene anandilalatira mpaka mayi wina wosamudziwa anawagwira mkono kuti kuno n'kuchipatala. Achimwene anati ndinaika zitenje patsogolo pa moyo wa mayi wondibereka. Ababa anangovala kofiya yawo n'kuyang'ana kutsogolo.

Masabata awiri otsatirawo sindinali munthu. Chakudya sichinkatsika. Wogula akafunsa mtengo ndinkatchula wa chinthu china. Ndinkapita kumudzi kukawasambitsa amayi ndi kuwasintha nsalu ya pabala, ndipo nthawi iliyonse ndikaona bowo lija ndinkapepesa ndikulira. Amayi ankangoti, “Basi, zinachitika,” n'kuyang'ana kumbali. Ndinkaganiza kuti akulephera kundiyang'ana chifukwa chondikwiyira.

Kenako ndinapempha ababa kuti amasule galasi pamodzi ndi mphete zake. Ndinati ndikagula zolimba zija, ndipo wogulitsayo akamva mawu anga. Anandipatsa mosakondwa, litakulungidwa m'malaya akale.

Ndinalowa mu kasitolo kaja ndi ukali womwe ndinaukonza njira yonse kuchokera ku Mangochi. Ndinaika galasi pa kauntala, n'kunena kuti katundu wake watsala pang'ono kundiphera amayi. Bambo uja sanandibwezere mawu. Anafunsa ngati amayi ali bwino, n'kuvala bwino magalasi ake, n'kutenga kasipanala. Bawuti loyamba linakana mpaka anachita kulimbikira ndi manja awiri. Lachiwiri chimodzimodzi. Atachotsa mphete zonse anandionetsa thupi la galasi pomwe zinagwira.

“Taonani, mayi. Mphete ikamatsetsereka imasupula penti, imasiya mizere pano ndi pano. Apa mpoyera. Onaninso mapazi ake, mano sanadyeke. Amene anamanga izi amadziwa ntchito yake. Sizinasunthe ngakhale pang'ono.”

“Nanga chipolopolo chinapita bwanji kwina?”

Ananyamula galasi, n'kuloza kunja kwa khomo, n'kuikapo diso. Nthawi yomweyo analichotsa, n'kuphethira. Anayang'ana kumbuyo kwa galasilo, komwe kuli kagawo kozungulira kamene munthu amapotokola kuti aone bwino malinga ndi diso lake. Anayesa kukapotokola kupita mbali imodzi, kanakana. Kanali katafika kale pamapeto.

“Tayang'anani momwe lililimu,” anatero.

Ndinaikapo diso. Munali mbuu, ngati utsi wa zinyalala zonyowa. Analitenga, n'kupotokola kagawo kaja kangapo kubwerera m'mbuyo, n'kundipatsanso. Ndinaona mayi wogulitsa nthochi tsidya la msewu ngati ali pamphuno panga, ngakhale ntchentche yomwe inatera pa dengu lake.

“Mwini galasi ili ali ndi zaka zingati?”

Ndinamuuza kuti ndi wachikulire, woposa iye.

“Ine ndi wamalonda, mayi. Mukafuna zachitsulo zija ndikugulitsani, sindingakane ndalama. Koma munthu amene anapotokola apa mpaka kutha amafunafuna chinthu chomwe mulibe m'galasi. Apititseni akaonetse maso. Ndipo mfutiyo ikhale kaye patali.”

Sindinagule kanthu. Ndinatuluka n'kuima pakhonde la sitolo, anthu akundigunda ndi akatundu awo. Chimene ndinayamba kumva, ndinene zoona, chinali mpumulo. Mtolo womwe ndinasenza masabata awiri unatsika. Kenako manyazi anabwera, poti ndinali kukondwera kuti ababa anga akuchita khungu. M'minibasi zinthu zinayamba kubwera chimodzichimodzi. Ababa akuthira tiyi pambali pa kapu n'kunena kuti tebulo lapendekeka. Ababa atasiya njinga, ati mchenga wachuluka mumsewu. Buku lawo la mapemphero litakhala pashelefu ndi fumbi, iwo akungowerenga za pamtima. Zala zawo zikufufuza mutu wa bawuti. Zonsezi ndinaziona ndi maso anga abwinobwinowa.

M'mawa mwake ndinapita kumudzi. Ababa anali atapita kumaliro kutsidya kwa msewu. Amayi ndinawapeza kuseri kwa nyumba akusankha usipa pa lichero ndi dzanja lamanzere. Ndinakhala pansi n'kuwauza zomwe bambo wa ku Limbe ananena. Sanadabwe. Dzanja lawo silinasiye ngakhale kusankha.

“Amayi, pusi uja anali patali bwanji ndi inu?”

“Munalibe pusi mumtengo,” anatero. “Pusi ndinali ine. Ndinavala chitenje chotuwa chija, nditawerama m'maungu. Anaona chinthu chikugwedezeka.”

“Ndiye mumadziwa?”

“Chaka chino n'chachiwiri. Ndani amawaikira nsapato pakhomo pomwe phazi lifikire? Ndani amayenda patsogolo tikamapita kudimba, n'kumayankhula kuti azitsata mawu?”

Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu. Ndinawafunsa chifukwa chomwe anandisiyira ndikulira pamaso pawo tsiku ndi tsiku, achimwene akundinyoza pagulu, iwo akudziwa kuti mlandu si wanga. Apa ndiye anaika lichero pansi.

“Iwe uli ndi msika wako, uli ndi ana ako, uli ndi mwamuna. Ukanalira n'kutonthola. Abambo ako atsala ndi chiyani? Munthu amene mudzi wonse unkamudziwa kuti salasa kawiri. Ndikanati ndinene pachipatala paja kuti mwamuna wanga anandiyesa pusi, akanadzukanso?”

“Nanga chikanalowa m'khosi?”

“Sichinalowe.”

“Nanga mawa akalasa mwana wa eni ake?”

Anatenganso lichero, koma sankasankhanso, ankangosuntha usipa uku ndi uku.

Ababa anabwera dzuwa litapendeka. Ndinadikira kuti aswali pemphero lamadzulo ndi kumwa madzi, kenako ndinakhala pamkeka pafupi ndi mpando wawo. Anafunsa ngati ndabweretsa mphete zolimba. Ndinati ayi. Ndinawafotokozera za penti wosasupuka, za timabawuti tomwe anamanga bwino, ndi za kagawo kopotokola kaja. Ndinayesetsa kuyankhula mwaulemu, mawu ali pansi.

“Ndiye iwe ndi wamalonda wakoyo mwagwirizana kuti ine ndine wakhungu.”

“Sitinatero, ababa. Tikungoti mukaonetse.”

“Unandiuza kuti mphete zinali zokhazo. Unandiyang'ana m'maso n'kunama. Lero ndikukhulupirire chifukwa chiyani?”

Mawu amenewo anandilasa, ndipo ndinachita chinthu chomwe mpaka lero ndimadandaula nacho. Ndinadzuka, n'kukaima pakati pa bwalo, mtunda woti munthu n'kuponyerana naye chinthu, n'kufunsa mokweza kuti, “Ababa, mpango ndavalawu ndi wamtundu wanji?”

Amayi anatulukira pakhomo la khitchini n'kuima. Ababa anakweza mutu, n'kutsinzina diso limodzi monga ankachitira polunjika.

“Wobiriwira,” anatero.

Unali wofiira. Palibe anayankhula. Nkhuku zokha n'zomwe zinkapalasa. Ababa anamva yankho m'kukhala chete kwathuko. Anagwira mkono wa mpando, n'kudzuka pang'onopang'ono, n'kulowa m'nyumba, dzanja likutsata khoma. Amayi anandiyang'ana ndi diso lomwe sindinalionepo chiyambire, n'kuwatsatira.

Tsiku lomwelo ndinaimbira achimwene. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kungoti, “Oo.” Sanapepese, ndipo ine sindinawakumbutse. M'mawa mwake anabwera n'kutenga mfuti kupita nayo kwawo. Amayi anandiuza kuti ababa sanakane, sanafunsenso komwe ikupita.

Za kuchipatala anakana kwa miyezi yambiri. Ine ndikabwera ankayankha salamu n'kupeza chifukwa cholowera m'nyumba. Amene anawagonjetsa ndi mnzawo wina wa kumzikiti, yemwe anachotsedwapo ng'ala n'kuyambanso kusoka maukonde. Ameneyo ankabwera tsiku lililonse n'kumawanyoza mwachinzake kuti akuopa kampeni kakang'ono munthu wozinga mbuzi. Tsiku lopita, ababa ananena kuti awaperekeze achimwene. Ine ndinapereka ya ulendo kudzera mwa amayi, n'kuwapempha kuti asanene komwe yachokera.

Anapezeka ndi ng'ala m'maso onse awiri. Lamanzere analikonza, ndipo likuona ndithu, moti amazindikira munthu ali kumsewu. Lamanja anati kuwonjezera pa ng'ala munali nthenda ina yomwe inaononga mtsempha mwakachetechete, ndipo tinachedwa. Adokotala anauza achimwene kuti akanabwera chaka chimodzi m'mbuyomo mwina akanapulumutsako pang'ono. Chaka chimenecho ndimachiwerenga kawirikawiri. Ndi chaka chomwe amayi ankaika nsapato pakhomo, ine ndikudutsa msewu wina ku Limbe, ababa akupotokola galasi.

Mpaka lero sindidziwa ngati ababa ankakhulupiriradi kuti vuto ndi mphete, kapena ankadziwa zonse pomwe ankandiuza mawu aja pa benchi. Sindinawafunse ndipo sindidzawafunsa. Za m'dimba tsiku lija sanazitchulepo kwa wina aliyense. Timayankhulana tsopano, za ana, za mvula, za mtengo wa feteleza, koma pali malo ena omwe tonse timawalambalala. Dimba analisiyira msuweni wathu kuti azilima n'kumawagawirako.

Mkono wa amayi unapola, koma sunabwerere mwakale. Nyengo yozizira umawawa, ndipo sangathe kuukweza kupitirira phewa. Mwezi wathawu ndinagona kumudzi, ndipo m'mawa ndinawaperekeza kumjigo. Titadzaza ndowa, ndinawerama kuti ndiwasenzetse, koma anandigwira dzanja n'kuti ndidikire. Ndinaona ababa akubwera m'kanjira, mutu utapendekera kumbali kuti diso labwino litsogole. Anadutsa pakati pa amayi a m'mudzi omwe anali pamzere, osapereka moni kwa aliyense, n'kunyamula ndowa ya amayi m'manja, madzi akutayikira pa thalauza. Palibe mayi anaseka. Zinaoneka kuti anazolowera.

“Anayamba liti?” ndinafunsa.

“Chichokereni kuchipatala cha maso,” amayi anatero. “Senza yakoyo tizipita.”